Ma implant a mano: kodi masabata awiri ku Joni akwana?

MaiWaKuBalaka

Moni nonse muno. Ndili ndi zaka 46. Zaka ziwiri zapitazo anandizula dzino lotafunira lakumunsi kumanzere, ndipo chaka chatha lina lakumwamba kumanja linathyoka mpaka analichotsanso. Mano oikirira apulasitiki ndinayesa, koma amagwedera ndikamayankhula, ndiye ndinawasiya. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg akuti ndipite pa tchuthi cha masabata awiri akandiikitse ma implant. Ndili ndi matenda a shuga, ndimamwa metformin, fodya sindisuta. Kodi masabata awiriwo akwana? Nanga shugayu salepheretsa? Amene mukuidziwa ntchitoyi ndithandizeni ndisanagule tikiti.

DokotalaWaMano

Amayi, masabata awiri ndi okwana kuika muzu wachitsulo m'fupa ndi kuchotsa ulusi, koma si okwana kuti mubwerere kuno ndi dzino lotafunira. Konzekerani maulendo awiri, ndipo ku dzino lakumwambalo mwina atatu.

Chimene anthu amangochitcha implant ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi kabauti ka titanium kokhala ndi mazinga, kamene kamalowa m'fupa la nsagwada m'malo mwa muzu. Pa dzino lotafunira kamakhala konenepa mamilimita 4 mpaka 5, kotalika mamilimita 8 mpaka 12. Chachiwiri ndi abutment, kachitsulo kolumikizira kamene kamamangidwa pamutu pa kabautiko n'kutulukira pa nkhama. Chachitatu ndi crown, dzino looneka lija. Tsiku la opaleshoni mumalandira choyambacho basi.

Kabautiko sikalimba chifukwa chomangidwa mwamphamvu ayi. Mazinga amangokagwiriza masabata oyambirira. Kulimba kwenikweni kumabwera fupa lamoyo likamera n'kumamatira pa titanium popanda mnofu pakati. Anazitulukira ndi Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden m'zaka za m'ma 1950, ataona kuti tizitsulo ta titanium timene anaika m'mafupa a akalulu tinkakana kuchoka, ndipo mu 1965 anaika ma implant oyamba mwa munthu ku Gothenburg. Zipangizo zasintha kwambiri chiyambire nthawi imeneyo, koma fupa silifulumizitsidwa. Nsagwada yakumunsi, ya fupa lolimba, imafuna miyezi 2 mpaka 3. Yakumwamba, ya fupa lofewa ngati siponji, imafuna miyezi 3 mpaka 6. Ndipo pakati pa sabata lachiwiri ndi lachinayi implant imakhala yofooka kuposa tsiku limene inaikidwa, chifukwa fupa lakale lozungulira mazinga limakhala likusungunuka latsopano lisanakhwime. Mukaitafunira nthawi imeneyo n'kugwedezeka ngakhale pang'ono, thupi limaikuta ndi mnofu wa chipsera m'malo mwa fupa, ndipo siidzalimbanso. Imachotsedwa, n'kudikira miyezi ina kuti muyambirenso.

Tsopano za magweru anuwo. Fupa la nsagwada limakhalapo chifukwa cha dzino, ndipo dzino likachoka limayamba kufota. M'chaka choyamba kunenepa kwake kutha kuchepa mpaka theka, ndipo kufota kwakukulu kumachitika m'miyezi itatu yoyamba. Implant imafuna fupa la mamilimita pafupifupi 1.5 mbali ya tsaya ndi mbali ya lilime, komanso mpata wa mamilimita 1.5 kuchokera ku muzu wa dzino loyandikana nalo. Ndiye kabauti ka mamilimita 4 kamafuna fupa lonenepa pafupifupi mamilimita 7. Gweru la zaka ziwiri nthawi zambiri silikhalanso ndi fupa lotere, choncho pamafunika kuwonjezera fupa. Ngati lachepa pang'ono, amathira ufa wa fupa tsiku lomwelo loika implant n'kuphimba ndi kansalu ka collagen. Ngati latsala lopyapyala ngati mpeni, amayamba amanga fupa, mudikire miyezi 4 mpaka 6, kenako implant.

Zimenezi sizioneka ndi maso, ndipo X-ray wamba wa nsagwada yonse, amene amati OPG, amaonetsa kutalika kwa fupa kokha, osati kunenepa kwake. Pamafunika sikani ya CBCT, imene imaonetsa fupa mbali zonse, kutalika ndi kunenepa komwe. Kumunsi imaonetsa pamene pakudutsa mtsempha umene umapereka kumva ku mlomo wapansi ndi chibwano. Nsonga ya implant iyenera kuima mamilimita osachepera 2 pamwamba pa mtsemphawo. Kumwamba vuto ndi lina: pamwamba pa mizu ya mano otafunira pali mphako ya mpweya, sinus, yolumikizana ndi mphuno, ndipo dzino likachoka mphakoyo imatsikira m'malo mwa muzu. Ngati pansi pake patsala fupa la mamilimita 5 kapena kuposa, dokotala atha kukankhira denga la fupalo m'mwamba pang'ono kudzera pa bowo la implant lomwelo, zonse tsiku limodzi. Ngati latsala losakwana mamilimita 4, amatsegula kazenera m'mbali mwa nsagwada, kunyamula kachikopa ka sinus, kuthira fupa, n'kudikira miyezi 6 kapena kuposa. Ulendo wachitatu uja umachokera pamenepa.

Opaleshoni yeniyeniyo si yoopsa. Implant imodzi imatenga osakwana ola limodzi, ndi jakisoni wa dzanzi ngati wozulira dzino. Amang'amba nkhama, kuboola fupa ndi chiboolero cha mamilimita 2, kuona ngati bowo lalunjika, kenako kulikulitsa pang'onopang'ono ndi ziboolero zokulirapo, uku akuthira madzi amchere ozizira osalekeza. Madziwo ndi ofunika zedi: fupa likatentha kufika madigiri 47 kwa mphindi imodzi yokha limafa, ndipo implant yokhala m'fupa lakufa imagwa masabata angapo otsatira. Akatero amalowetsa kabautiko, kukatseka ndi kachivindikiro, n'kusoka. Ulusi umachotsedwa pakatha masiku 7 mpaka 14.

Mwina achimwenewo anaona zotsatsa za mano a tsiku limodzi. Zilipodi, koma dzino loikidwa tsiku lomwelo limakhala longoyembekezera, lofupikitsidwa kuti lisagunde linzake, ndipo zimachitika makamaka pa mano akutsogolo kapena pamene ma implant 4 mpaka 6 amangiriridwa pamodzi kunyamula mano a nsagwada yonse. Pa dzino lotafunira limodzi, mwa munthu wa shuga, ine sindingakulangizeni zimenezo.

Therapist_waMano

Adokotala afotokoza za fupa, ine ndiyankhe za shuga, chifukwa pamenepa ndi pamene muyenera kuyambira, ndipo zonse zitheka kuno kumudzi musanawononge ndalama ya ndege.

Shuga payekha saletsa implant. Woletsa ndi shuga wosalamulirika. Musadalire kuyeza kwa pachala kwa m'mawa umodzi. Pemphani kuyezedwa HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Akakhala pa 7% kapena kutsika, implant imapola pafupifupi ngati ya munthu wopanda shuga. Pakati pa 7 ndi 8 ambiri amachitabe, koma amapatsa fupa nthawi yotalikirapo. Kupitirira 8, dokotala wosamala amakubwezani kaye. Shuga wokwera amawononga timitsempha ting'onoting'ono tobweretsa magazi pa bala, amafooketsa asilikali a m'thupi olimbana ndi tizilombo, ndipo maselo omanga fupa amagwira ntchito mwaulesi.

Funso lina limene ndikufuna kukufunsani, Amayi: dzino loyambalo linazulidwa chifukwa chobooka, kapena linkagwedera? Ngati linkagwedera, ndiye kuti ndi matenda a nkhama, amene amayendera limodzi ndi shuga, ndipo tizilombo take tikadali m'kamwamo pa mano otsalawo. Timeneto ndi timene timadzadya fupa lozungulira implant. Pitani akuyezeni nkhama ndi kachitsulo kokhala ndi mizere ya mamilimita, dzino lililonse. Pamene kachitsuloko kakulowa mamilimita 5 kapena kuposa n'kutuluka magazi, payenera kupalidwa ndi kutsukidwa mpaka pansi pa nkhama, n'kuyezedwanso pakatha masabata 6 mpaka 8. Mano obooka amatidwe, zitsa za mizu zizulidwe. Implant imalowa m'kamwa moyera.

Chifukwa chimene tikuumirira pa nkhama ndi ichi. Dzino lachilengedwe limapachikidwa m'fupa ndi timinyewa tokhala ndi magazi komanso kumva. Implant ilibe timinyewa timeneti, ndipo nkhama imangoikumbatira osagwirana nayo zolimba. Siibooka ngati dzino, zoona, koma litsiro likaunjikana m'khosi mwake nkhama imatupa n'kumatuluka magazi. Pamenepo zimachizika ndi kutsuka. Zikalekereredwa matendawo amatsikira ku fupa, amene amati peri-implantitis, ndipo fupa limadyeka mozungulira ngati mbale, kawirikawiri popanda ululu uliwonse. Munthu amazindikira ataona mafinya, fungo kapena mazinga akuonekera. Fupa lotayika motere silibwerera mosavuta. Ma implant oposa 9 pa 10 alionse amakhala akadalipo pakatha zaka 10, koma ambiri mwa amene amagwa mochedwa amagwa ndi matenda amenewa.

Kwa ena amene akuwerenga: muuzeni dokotala mankhwala onse amene mukumwa. Olimbitsa mafupa monga alendronate, zoledronic acid ndi denosumab, makamaka obayidwa kwa odwala khansa, atha kuchititsa kuti fupa la nsagwada life pambuyo pa opaleshoni. Amene anawotchedwapo khansa ya m'mutu kapena m'khosi ndi radiotherapy nawonso nkhani yawo ndi yapadera. Omwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, aspirin kapena clopidogrel asasiye okha mankhwalawo, madokotala awiriwo akambirane. Amene ali pa ma ARV ndipo tizilombo tinatsika kwambiri m'magazi atha kuikidwa implant bwinobwino. Fodya, wosuta ngakhale wopera woika m'kamwa, amachepetsa magazi ofika ku nkhama ndipo amachulukitsa kulephera. Amayi oyembekezera adikire abereke kaye. Achinyamata adikire nsagwada isiye kukula, zaka 18 kapena kupitirirapo, chifukwa implant siyenda pamodzi ndi mano anzake ndipo imadzatsalira yofupika.

Wa_kuLabu

Ine ndiyankhule za zitsulo, mbali imene anthu opita kunja amaiwala kufunsa.

Ma implant sali ngati mabauti a njinga oti sipanala imodzi imamasula onse. Straumann ya ku Switzerland, Nobel Biocare, Osstem ya ku South Korea, Neodent ya ku Brazil, iliyonse ili ndi kalumikizidwe kakekake pakati pa implant ndi abutment, sikuluudiraiva yakeyake ndi tizitsulo take totengera muyeso. Ngakhale kampani imodzi ili ndi mitundu ingapo yosalowana. Ndiye musanagone pa mpando, funsani dzina la implant imene adzaike, kenako funsani madokotala a mano a ku Lilongwe kapena Blantyre ngati ali ndi zida za mtundu umenewo. Akamaliza, musachoke opanda kakhadi kapena pepala lomatidwa sitika ya pa paketi ya implant, yoonetsa kampani, mtundu, kunenepa, kutalika ndi nambala ya lot. Tengani ndi X-ray ya tsiku loika crown, chifukwa ndi imene adzayerekezere nayo fupa m'zaka zikubwerazi. Kuzindikira implant yopanda pepala poyang'ana X-ray yokha ndi ntchito yovuta, ndipo nthawi zina crown yabwinobwino imadulidwa chifukwa chosowa sikuluudiraiva yoyenera.

Pa crown pali njira ziwiri: yomangidwa ndi kabauti kakang'ono kodutsa pakati pa dzino, bowo lake n'kutsekedwa ndi filing'i yoyera, kapena yomatidwa ndi simenti pa abutment. Kwa munthu wokhala kutali ndi amene anamuika, sankhani yomanga. Imamasulidwa, kutsukidwa, kukonzedwa n'kubwezeredwa. Yomata ili ndi vuto lina: simenti yotsalira pansi pa nkhama siioneka, koma imasunga tizilombo n'kuyambitsa matenda amene afotokozedwa pamwambapa. Kabauti kakang'onoko kamamangidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu, kawirikawiri pakati pa 25 ndi 35 Ncm (muyeso wa mphamvu yomangira) malinga ndi kampani, osati ndi dzanja chabe. Vuto lofala kwambiri ndi kumasuka kwa kabauti kameneka. Mukamva crown ikugwedera, siyani kutafunira pomwepo mupite akamange. Mukapitiriza kamathyokera m'kati mwa implant, ndipo kuchotsa chidutswacho kutha kuwononga mazinga a m'kati.

Palinso chinthu china pa gweru la zaka ziwiri. Dzino lakumwamba limene linkagundana ndi lozulidwalo limatsika pang'onopang'ono posowa mnzake, ndipo lakumbuyo kwa gweru limapendekekera kutsogolo. Mpata wa crown umachepa m'mwamba ndi m'mbali. Crown yomanga imafuna mpata wa mamilimita osachepera 5 kapena 6 kuchokera pamutu pa implant kufika pa dzino loyang'anizana nalo. Ukachepa, lotsikalo liyenera kupalidwa kapena kubwezedwa ndi mawaya. Izi ziyenera kuonedwa poyamba, osati implant italowa kale.

Ndipo ndinene mosabisa kuti implant si yankho la gweru lililonse. Ngati mano a mbali zonse ziwiri za gweru lakumwambalo ali kale ndi mafiling'i akuluakulu, bridge, mano atatu olumikizana oti lapakati litseke gweru ndipo am'mbali avekedwe pa mano anu awiriwo, itha kukhala yanzeru: imatha m'masabata awiri, siifuna kunyamula sinus, ndipo manowo amafunika kukutidwa kale. Kuipa kwake n'kwakuti mano anu awiriwo amasemedwa, choncho ngati ali athunthu ndi chisoni kuwasema. Komanso mano oikirira amene anakuvutaniwo ndi apulasitiki okhaokha, ongokhala pa nkhama. Alipo ena okhala pa chitsulo cha cobalt chrome, opyapyala, okhala ndi tingowe togwira mano, ndipo sagwedera chimodzimodzi.

Pa mtengo, pemphani pepala logawa chilichonse pachokha: CBCT, fupa lowonjezera, implant, abutment, crown, ndi maulendo okaonedwa. Mtengo wotsatsidwa kawirikawiri umakhala wa kabauti kokha. Funsaninso kuti implant ikalephera m'miyezi yoyamba adzalipira ndani. Dokotala wa ku South Africa ayenera kukhala m'kaundula wa HPCSA, bungwe loyang'anira madokotala kumeneko, monga wa kuno amakhalira m'kaundula wa Medical Council of Malawi.

MaiWaKuBalaka

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndayang'ana m'buku langa la kuchipatala, HbA1c ya mwezi watha inali 8.4. Lakumunsilo linali lobooka, koma nkhama zimatuluka magazi ndikamatsuka. Ndiye ndiyambe ndi chiyani? Komanso ndikadzaikidwa ndizidzadya chiyani, ndipo ndingakwere ndege pakatha masiku angati? Fupa lowonjezeralo limachokera kuti?

DokotalaWaMano

Ndi 8.4 komanso nkhama zotuluka magazi, tikiti idikire kaye, Amayi. Miyezi itatu ikubwerayi ikhale ya zinthu ziwiri: kubwerera kwa amene amakuonani za shuga kuti aunikenso mankhwala ndi kadyedwe, ndi kuchiza nkhama. Ziwirizi zimathandizana, chifukwa nkhama zikasiya kutupa shuga nayenso amatsikako pang'ono. Pakatha miyezi itatu yezetsaninso HbA1c, kuyeza msanga kuposa pamenepo sikuonetsa kusintha kwenikweni. Zikakhala bwino jambulitsani CBCT, tumizani kwa amene adzachite opaleshoniyo, akupatseni dongosolo lolembedwa, kenako mugule tikiti.

Fupa lowonjezera limachokera kwa inu nomwe, kupalidwa pa nsagwada pafupi ndi balalo, kapena ku mafupa a ng'ombe otenthedwa mpaka kutsala mchere wake wokha, kapena kwa anthu opereka, kapena ndi lopangidwa ku fakitale. Kansalu kophimbira nthawi zambiri ndi ka collagen wa nkhumba. Amene chipembedzo chawo sichilola anene poyambirira, chifukwa tilipo tinsalu tina tochokera ku ng'ombe kapena topangidwa ku fakitale, koma timafunika kuitanitsiratu.

Tsiku la opaleshoni pemphani nthawi ya m'mawa, idyani ndi kumwa metformin monga mwa masiku onse ngati ndi jakisoni wa dzanzi chabe. Madokotala ambiri amapereka amoxicillin magalamu 2 ola limodzi asanayambe, choncho ngati penicillin amakuwengani nenani. Mukatuluka lumani kansalu koletsa magazi pa balapo kwa mphindi 30 mpaka 60. Maola 24 oyamba musachukuche m'kamwa, musalavule mwamphamvu, musamwe ndi sitiro, ndipo zotentha zipewedwe, chifukwa zonsezi zimachotsa magazi oundana amene akutseka bala. Ikani chozizira pa tsaya mphindi 15, kupumula mphindi 15. Kutupa kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu kenako kumaphwa. Ululu wake paracetamol amautha, ndi ibuprofen ngati impso ndi m'mimba zili bwino, zimene munthu wa shuga ayenera kufunsa kaye. Kuyambira tsiku lachiwiri vumatani madzi ofunda a mchere, theka la sipuni yaing'ono pa kapu imodzi, mukatha kudya, ndi mankhwala ovumata a chlorhexidine kawiri pa tsiku kwa sabata limodzi kapena awiri. Musapitirize nthawi yaitali, amadetsa mano. Mano ena onse tsukani ndi mswachi monga kale, pa ulusi pokha ndi pamene mupalambalale.

Chakudya cha sabata loyamba: phala lopanda shuga, nsima yofewa, mazira, nyemba zophwanya, chambiko, nsomba yochotsa minga, maungu, mapeyala. Musadumphe chakudya poopa kutafuna, shuga angatsike kwambiri mukumwa mankhwala. Usipa wouma ndi mtedza zidikire, tizidutswa take timalowa pa bala. Mzimbe, chimanga chootcha kapena chokazinga ndi mafupa a nyama zisafike mbali imeneyo mpaka crown itaikidwa. Ngakhale itaikidwa, kumbukirani kuti implant siimva kulemera kwa kuluma ngati dzino lachilengedwe, ndiye kusenda mzimbe kapena kutsegula botolo ndi mano kumaswa crown munthu asanazindikire. Amene amakukuta mano kutulo amafunika kapulasitiki kovala usiku.

Ndege: ngati ndi implant yakumunsi yokha, masiku ochepa akwana, koma ndi bwino kudikira ulusi uchotsedwe ndi amene anausoka. Ngati anyamula sinus, dikirani masabata awiri, ndipo nthawi yonseyo musamine, poyetsemula muzitsegula kukamwa, kuti mpweya usang'ambe kachikopa kaja n'kumwaza fupa lothiridwalo.

Crown ikalowa, kutsuka kwake ndi mswachi wofewa kawiri pa tsiku, kuphatikiza kamswachi kakang'ono kolowa pakati pa mano, mbali zonse ziwiri za implant, tsiku lililonse. Kwa inu kukaonedwa kukhale miyezi 3 mpaka 6 iliyonse, ndi X-ray yaing'ono pakatha chaka. Fupa kutsika pafupifupi milimita imodzi m'chaka choyamba si zachilendo, koma likamatsikabe chaka ndi chaka pali matenda.

Zizindikiro zobwerera nazo msanga: magazi osaleka mutaluma kansalu ola lathunthu, kutupa kokulirakulira pambuyo pa tsiku lachitatu, kutentha thupi, mafinya, ululu wobwereranso utatha kale. Chofulumira koposa zonse ndi dzanzi. Jakisoni amatha m'maola ochepa, ndiye ngati pofika madzulo a tsiku lomwelo mlomo wapansi kapena chibwano chikadali chadzanzi, imbani foni usiku womwewo, musadikire tsiku lochotsa ulusi. Zitha kutanthauza kuti implant ikupanikiza mtsempha uja, ndipo mwayi woti kumva kubwerere umakhala waukulu ikabwezedwa kapena kuchotsedwa m'kati mwa tsiku limodzi kapena limodzi ndi theka. Musanachoke pachipatalapo tengani nambala imene amayankha usiku.